Mkazi Mnzanga wa M'galimoto

Lolemba, 10 Juni 2024

Pepani zilembo. Kaya ndikupepesa ndani, poti kopeli ndi langa ndekha, koma zolemba zanga zimakwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda wa paphiri, ndipo mawu ena ndimangowalemba m'mene ndimawamvera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ku Nzama. Anesi ndiwo anati, mayi Salome, mtima ukamathamanga muzilemba, m'malo momangozungulira pabwalo.

Lero wathamanga. Thokozile, mwana wanga woyamba, wabwera ndi nkhani yoti Loweruka galimoto ya bambo ake ikatchunidwa ku Lizulu. Ine ndinamva ngati akuti ikatchena, ndiye ndinafunsa kuti ikavala chiyani. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti galimoto zimenezi zili ndi ubongo, kabokosi kobisika kamene kamauza injini kamwedwe ka mafuta. Pali makanika wina, a Cedric, oyenda ndi laputopu. Amalumikiza chingwe n'kulemba malangizo atsopano mu ubongomo. Akatero akuti izikwera chitunda cha ku Tsangano osabanika, ngakhale itasenza matumba a kachewere, mafutanso izimwa mwaulemu.

Ndinafunsa dzina la ntchitoyo. Anati, "Amati kufulasha, amayi."

Mawu amenewo ndiwo andikhala pamtima.

Lachiwiri, 11 Juni

Kwazizira. Nkhungu mpaka pakhomo.

Ndilembe za m'mawa uliwonse, mwina ndidziwa chimene ndikuopa. Amuna anga a Lazarus anadwala sitiroko dzinja lathali. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, mawu anapita. Munthu amene ankalankhula kuchokera ku Tsangano mpaka ku Lizulu osameza malovu, lero amangoyang'ana. Thoko ndiye anatenga chiwongolero.

Koma m'galimotomo muli mayi. Inabwera naye kuchokera ku Japan. Ukangopotokola kiyi, kumalira kabelu, kenako iye amalankhula ndi mawu ofewa ngati a munthu woti sanakalipepo chibadwire. Ine ndimamva chonchi: itishi kado ga sonyu salete imaseni. Palibe akudziwa tanthauzo lake. A Lazarus, ali bwino, ankaumirira kuti kumapetoko amati "a Maseko," mfunda wawo, ndipo akuwafunsa m'mene agonera. Anamutcha NaJapani. Ine ndinkamuti mkazi mnzanga. Ndinkawanena kuti anakwatira mitala osandiuza, iwo n'kumati uyu ndiye mkazi, sapempha chitenje.

Tsopano m'mawa uliwonse timawagwira uku ndi uku, ine ndi Thoko, mpaka pampando wakutsogolo. Thoko amailiza galimoto. NaJapani amalankhula. Ndiye iwo amati, "Zikomo mayi, kaya inu."

Basi. Mawu awo onse ndi amenewo. Kwa ine ayi, kwa Thoko ayi, kwa abambo a kutchalitchi ayi. Koma akawanena amadya phala, tsiku n'kuyenda.

Lachitatu, 12 Juni

Foni yanga yakale ija anaifulasha. Inkazimazima, ndinapita nayo kwa okonza, inabwerako ikugwira ntchito bwinobwino koma yopanda kanthu. Zithunzi za malemu mayi anga, nyimbo za kwaya, zonse. Inkayaka ngati mwana wongobadwa kumene, yosadziwa munthu.

Ndamuuza Thoko zimenezi akusenda anyezi. Anati ndayamba. Kenako anafatsa n'kundifotokozera za sabata yatha, zimene anandibisira: galimoto inalephera pachitunda, inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iye n'kuponda buleki. Anthu odutsa ndiwo anaika miyala kumatayala, anatsitsa matumba ena, anakankha. Pofika ku Lizulu ogula ake anali atatenga za ena. Makanika wa pafupi pano anasintha mapulagi, anatsuka zotsuka, akuti chatsala ndi ubongowo.

Ndiye nkhawa zakhala ziwiri. Akapanda kutchuna, mwana wanga adzagubuduka nayo. Akatchuna, galimoto idzaiwala a Maseko.

Ndapsereza ndiwo.

Lachinayi, 13 Juni

A Lazarus anamuyankha bwino NaJapani lero. Mawu anamveka mpaka ku khola.

Lachisanu, 14 Juni

Thoko sanapite ku Tsangano. Bambo ake atamaliza kuyankha moni wa NaJapani, ndinatsala ndekha m'galimoto, kiyi ali potsegula, ndikuyang'ana kagalasi koonetsa mapu ka pafupi ndi chiwongolero. Chibwerereni sikanaonetsepo msewu wa kuno. Kamangoonetsa mtundu wa buluu ponseponse, ndi kamuvi pakati. A Lazarus ankati imeneyo ndi nyanja yamchere imene galimoto inawoloka pobwera, ndipo iyo imaganiza kuti ikadali pamadzi.

Nkhungu inali itaphimba chimanga chouma, mitengo ya mapichesi, nyumba ya aneba. Ndinangoona ngati tikuyandamadi. Ndinamuganiza NaJapani ali pakhonde la kwawo, wavala juzi, mwina ndi wamkulu ngati ine tsopano, mawondo akuwawa. Kodi akudziwa kuti ku Ntcheu kuli bambo amene amamuyankha? Kodi kwawoko amalima kachewere? Ndinamuona akutsika basi pa Lizulu ndi kachikwama, mwendo wina ku Malawi wina ku Mozambiki, akufunsa kwa a Maseko. Ndikanamuphera nkhuku. Ndikanamufunsa kuti, mnzanga, unawachita chiyani kuti iwe azikuyankha?

Nsanje ilipo pang'ono, ndisaname.

Thoko anandipeza momwemo n'kunena kuti ndimaliza batire. Pofuna kundikhazika mtima pansi anaimbira a Cedric ine ndili pomwepo. Ndinamumva ndekha akuti, "Amayi akudandaula za kamayi kolankhula kaja." Uko anayankha moseka kuti auzeni amayi asadandaule, zimenezo n'zazing'ono, ubongo wa injini ndi wina, kamayiko kali ndi kabokosi kakekake pansi pa chiwongolero.

Ndapuma. Ndinafuna kumuuza Thoko ajambule mawuwo pafoni yake, koma ndinachita manyazi, wanena kale kuti ndimadandaula ngakhale dzuwa likatuluka bwino.

Loweruka, 15 Juni

Thoko wapita nayo ku Lizulu. Moni wam'mawa unachitika kaye, ndinaonetsetsa.

Tsiku lonse ndimangoganiza za ubongo. Ngati munthu angalumikize chingwe n'kulemba malangizo atsopano m'galimoto, bwanji m'mutu mwa munthu? Ndinawayang'ana a Lazarus ali padzuwa, chipewa chili pamaso. Ndinaganiza a Cedric atakhala pambali pawo ndi laputopu, akufufuza pamene pathawira mawu. Mwina sanathawe. Mwina ali pachitunda, akudikira wowakankha. Ndinaona mawuwo ngati matumba otsitsidwa m'mbali mwa msewu, lililonse ndi dzina lake, ili la ana, ili la nyimbo za ngoma, ili langa.

Thoko anafika dzuwa likupendeka, nkhope ili ngwee. Akuti ntchito sinatenge nthawi. Iye anasiya galimoto n'kupita kukagula tomato ndi kabichi, pobwera anapeza a Cedric aizungulitsa kale, injini ikulira, anangolowa n'kunyamuka. Akuti ukangoponda pang'ono imamva. Kulira kwake kwasinthadi, kwakhala kosalala, ngati munthu amene chifuwa chamuthera. A Lazarus anatembenuza mutu kumvetsera mpaka anaizimitsa.

Mwina ndinadandaula pachabe.

Lamulungu, 16 Juni

Sanalankhule.

Thoko anapotokola kiyi, injini inalira, kabelu ayi, mayi ayi. Anazimitsa, analizanso. Zii. A Lazarus anali atakonzeka kale, milomo itatseguka pang'ono. Anadikira. Anayang'ana pansi pa chiwongolero, anayang'ana Thoko, kenako ine. Sindidzaiwala.

Thoko anasuzumira pansipo, anapeza tizingwe tiwiri tomangidwa ndi tepi yakuda.

Anaimba foni. A Cedric anayankha mosangalala, ndinkamva ndili chapatali. "Aaa, mwaona? Ameneyo ndi basela, chemwali. Munati amayi akudandaula nako, ndiye ndakachotsa ulere. Anthu ambiri kamawasokosa."

Basela. Ngati tomato woonjezera pamulu.

Thoko anawafotokozera zonse. A Cedric anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapepesa, anapepesanso, akuti iwo anamva kudandaula kwa kutopa nako, osati kwa kukaopera. Kabokosiko akuti anakaponya m'katoni ya zidutswa kwa mnzawo wowotcherera ku Lizulu, ndipo iwo ali pa ulendo wa ku Balaka. Ayesa kufunsa.

Kutchalitchi sindinapite. Phala labwerera lonse.

Lolemba, 17 Juni

A Lazarus akana kutuluka. Tinawagwira kuti tiwadzutse, anaumitsa thupi n'kutembenukira kukhoma. Adya masipuni owerengeka, madzulo.

Thoko anapita ku Tsangano, ntchito siyingaime. Pobwera anakhala pakhonde osatsitsa katundu wake. Akuti yakwera chitunda chonse chija osasintha mawu, matumba odzaza, mpaka anapitirira lole. Akuti anafika pamwamba n'kuima pambali, n'kulira. Wadutsa kwa wowotcherera uja, katoni anaikhuthula, ana otola zitsulo anadutsamo kale.

Anati, "Ndine ndinalankhula molakwika, amayi." Ndinati ayi, mawu ndi amodzi omwewo, kudandaula. Ndine ndinazolowetsa anthu kuti kudandaula kwanga n'kopanda mutu.

Sitinakangane. Bola tikanakangana.

Lachiwiri, 18 Juni

Chimodzimodzi. Mankhwala amwa movutikira.

Masana ndinagona pang'ono pamkeka, ndinalota galimoto ikuyandama m'munda mwa kachewere, maluwa oyera ndi ofiirira akugunda m'magalasi ngati mafunde. NaJapani anali pampando wanga, wafunda chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi a mpingo. Sanalankhule. Anangonditsegulira chitseko n'kusendera.

Ndadzuka mawu ake ali m'kamwa mwanga. Ndawayeserera ku bafa, motsitsa. Nkhuku zokha ndizo zandimva. A Cedric aimba okha, akuti timabokosi totere timapezeka kwa ophwasula galimoto ku Lilongwe, koma tina timalankhula mawu ena, tina mawu ake ndi aamuna. Wamwamuna ndiye ayi.

Lachitatu, 19 Juni

Ndilembe bwinobwino.

Ndinamuuza Thoko kuti tiwanyamule basi, afune asafune. Ndinawanamiza kuti tikupita kuchipatala ku Nzama. Analola, nkhope ili kumbali. Titawakhazika kutsogolo, ine ndinalowa kumbuyo kwawo n'kuwerama kuti asandione. Thoko anandiyang'ana pagalasi, sanafunse.

Anapotokola kiyi. Ndinagogoda sipuni pa kapu kuti likhale belu. Kenako ndinatsina mphuno, n'kufewetsa mawu m'mene ndingathere.

"Itishi kado ga sonyo saleta, a Maseko."

Kunkamveka injini yokha, kulira kwake kwatsopano kuja. Thoko anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Ndinamva manyazi mpaka kumapazi, mayi wamkulu ngati ine.

A Lazarus anapukusa mutu. Pang'onopang'ono.

"Ayi," anatero.

Ayi! Mawu amene sitinawamve chiyambire dzinja.

Anakweza dzanja lamanzere, chala chili m'mwamba ngati aphunzitsi, osatembenuka. Anavutika, nsagwada ikukana, malovu akutsika. Ndiye anayamba, chidutswa chidutswa.

"So... nyu. Sonyu. Sa-le-te."

Ankandikonza. Ndinabwereza, ndinalakwitsanso, dala ulendo uno. Anamenya pa bondo, anayambira pachiyambi penipeni, itishi kado, mpaka kumapeto, onse, osadumpha. Pomaliza sananene a Maseko. Anati imaseni, bwinobwino, m'mene mayi uja ankanenera. Ndiye kuti zaka zonsezi ankadziwa kuti si mfunda wawo, ankangondiputa.

Ndinangoti, "Zikomo bambo, kaya inu."

Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, kuseka kopanda mawu, mpaka kutsokomola. Thoko anatuluka m'galimoto n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakhalabe kumbuyoko, chipumi chili pa mpando wawo, ndikumva kutentha kwa msana wawo.

Adya phala theka. Thoko wanyamuka mochedwa, wapita ku Tsangano.

Kabokosi sikanapezeke, ndipo a Cedric sanaimbenso. Sindikudziwa ngati anesi anganene kuti chi Japani cha m'galimoto ndi kulankhula, kapena liwu lija loti "ayi" lokhalo ndilo liwerengedwe. Dzina langa sanalitchule. Sindikudziwanso ngati mawa adzandikonza, kapena adzangotembenukira kukhoma, komanso ngati ndiyenera kumalakwitsabe dala.