Jezi ya Abambo Inali ya Mtundu Wanji?

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno kwa Kanduku tikudzuka choncho, tsiku lina bwino, lina ayi. Ndine Esinati, mwana wanu uja munkati pakamwa pake sipapola. Masiku ano pakamwapo pachepa mphamvu, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ndiyambe ndi zabwino, popeza ndi zochepa. Alamu anga, akazi awo a achimwene Fulanki, anachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga mphumi yanu, watenganso ukali wanu, moti akayamba kulira nkhuku zimathawa pabwalo. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chitangoyamba kumasula, ndipo nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Manachesi okha ndiwo abereka mpaka kuthyola nthambi, koma abereka mudzi wonse, ndiye ku Boma ogula akungotiyang'ana ngati tabwera kudzapempha. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi fisi. Ndinailira ngati munthu, musandiseke.

Koma chondilembetsa kalatayi ndi abambo. Chikuikireni m'manda, mutu wawo sukuyenda bwino. Anayamba ndi kuiwala pamene asiya khasu, tinkaseka. Lero sitisekanso. Ndikawapatsa phala m'mawa amandilandira ndi manja awiri, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, ndinu a kwa yani?" Ndikati ndine Esinati, amapukusa mutu. "Esinati ndi kamwana, kali kumsana kwa amake." Amayi, zimandiwawa. Ndimatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba mpaka misozi itaphwa.

Chimene sanaiwale ndi mpira. Dzuwa likangopendeka amayamba kusanthula m'nyumba, pansi pa mphasa, m'dengu, m'thumba la mbewu. "Jezi yanga ili kuti? Mavu akulowa m'bwalo ine ndikadali pano!" Timu ya Mavu inatha ine ndisanayambe sukulu, ndipo bwalo lawo lija lero ndi munda wa nandolo. Koma akaisowa jeziyo amauyamba ulendo wokaifuna. Tsiku lina wogulitsa makala anawapeza kumsewu wa tala, opanda nsapato, akuyenda pakati penipeni pamene pamathamanga mathiraki opita ku Mozambique. Anawabweretsa panjinga. Achimwene Fulanki anagula loko, akuti tiziwatsekera m'nyumba. Ndinawayankha kuti munthu amene anatilera satsekeredwa ngati mbuzi, ndipo tinayambana. Komabe mumtima ndikudziwa kuti akadzatulukanso osaonedwa, mwina sadzabwera ndi miyendo yawo.

Ndiye ndinaganiza kuti ndiwapangire jezi ina. Kusoka sikunavute, atelala a ku Boma anasoka ndi nsalu yoyera. Chovuta ndi mtundu. Majezi a Mavu munawapanga ndinu, ndi matumba a ufa aja ankapezeka nthawi ya anthu othawa nkhondo, n'kuwanyika mu utoto wophika nokha mumgolo. Ine chimene ndimakumbukira ndi utsi, fungo lowawa la makungwa, ndi manja anu osintha mtundu mpaka m'zigongono. Ndikayandikira munkandithamangitsa ndi mtengo wovundulira uja, mumvekere, "Choka apa iwe, utoto sufuna mboni!" Onani tsono, lero mboniyo ndikuifuna ndipo palibe.

Ndinatsitsa chithunzi chija cha pakhoma. Anyamata onse alimo, abambo atagwada kutsogolo ndi mpira, koma chithunzicho n'chakale, aliyense akungooneka wotuwa ngati wagubuduka paphulusa. Ndinapita kwa anzawo awiri amene atsala ndi moyo. ABiliati, amene anali goloboyi, sanachedwe n'komwe. "Zinali zachikasu, mwana wanga, ngati dzungu lakupsa." ADomingo, aja anachokera kutsidya kwa malire n'kukwatira konkuno, anadzuka pampando. "Bodza limenelo! Iwe unkaima pagolo ukuwodzera. Zinali zofiira ngati katondo!" Madala awiri, mano anatha kalekale, analozana ndi ndodo mpaka akazi awo a aBiliati anachita kuwaleretsa. Ine ndinabwerako ndi mitundu iwiri ndi mutu wopweteka.

Ndinayamba ndi yachikasu. Ndinasinja chikasu, kuwiritsa mumgolo wobwereka, kunyika, n'kuyanika pachingwe. Ndinaiwala kuti ino ndi nyengo ya kampeni, pamene mtundu uliwonse uli ndi eni ake. Lisanalowe dzuwa, mbiri inali itafika kuchitsime kuti Esinati walowa chipani. Ena anandiimbira m'manja, ena analeka kundipatsa moni, ndipo mayi wina anabweza nkhuku imene ndinamugulitsa. Zonsezi ndikanapirira abambo akanailandira. Anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Iyi ndi ya ana asukulu."

Ndinapita kuphiri kukasenda makungwa a mlombwa, ndinanyika ina, inatuluka yofiira. Ya ulendo uno ndinayanika m'nyumba ngati katundu wakuba. Abambo anati si ya Mavu. Kenako ndinasakaniza zonse ziwiri, chikasu ndi makungwa, ndipo inatuluka ngati nachesi lakupsa bwino. Imeneyi anaitenga. Anaitembenuza, anaisisita, anainunkhiza nthawi yaitali. Ndinati basi, lero ndapeza, mwinanso andiyang'ana n'kunditchula dzina. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera. "Mayi, mwayesetsa ndithu. Koma mukafunse akazi anga, amadziwa ndi iwowo."

Ndinakwiya nanu tsiku limenelo, Amayi, ndisakubisireni. Munandiphunzitsa kusinja, kuzira, kubereka mwana kumsana, ngakhale kuyankha apongozi osawatukwana. Chinakuvutani n'chiyani kundiuza za utoto? Munkakonda kunena kuti chimene wasunga wekha chimaola nawe. Nanga inuyo?

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, ndinakhala pansi ndi mayi Rozina, mnzanu uja munkaimba naye kwaya. Anaona manja angawa ali psuu, n'kundifunsa ngati ndayamba kupha nkhumba. Nditawafotokozera anaseka, kenako analeka kuseka. Anandiuza kuti madala awiri aja onse akunena zoona. Majeziwo ankatuluka mumgolo ali ofiira, koma akachapidwa kumtsinje kangapo ankasuluka n'kusanduka achikasu, inu n'kuwanyikanso. Aliyense anangosunga mtundu wa tsiku limene iye anasewera bwino. Koma ya abambo, akuti, inali yosiyana ndi onsewo. Munkainyika payokha mumphika, ena onse atayanikidwa, n'kuthiramo china chake chimene simunauze munthu. Atakufunsani munati, "Ndikufuna ndizimuona wangayo ngakhale ali kutsidya kwa bwalo." Inu Amayi, amene simunkalola ngakhale kuyenda nawo limodzi panjira! Ndinaseka misozi ili m'maso.

Ndinawafunsa ngati akudziwa kumene jeziyo inapita, popeza ndasanthula nyumba yonse. Anandiyang'ana modabwa. "Kodi sanakuuzeni?" Mayi Rozina anali m'gulu la amayi amene anakusambitsani tsiku lija, ine ndili panja sindikudziwa ndi kumene ndili. Akuti atatsala pang'ono kutseka bokosi, abambo analowa, chinthu atachibisa m'jekete. Anapempha amayiwo kuti akudzutseni mutu pang'ono. Inali jezi ija, yong'ambika kukhwapa, atayipinda kanayi. Anaiika pansi pa mutu wanu n'kunena kuti, "Atsamire imeneyi, kuti asakandiiwale kumeneko."

Ndiye mtundu umene ndauvutikira miyezi yonseyi, umene wandidanitsa ndi anthu ndi kundipsereza manja, mwautsamira ndinu. Munthu amene ankaopa kuiwalidwa ndi amene waiwala. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba osaona njira.

Sindinawauze abambo kuti jezi ili kumanda. Ndikanatero akanafunsa kuti wamwalira ndani, ndipo akanakulirani mwatsopano ngati uthenga wangofika kumene. Zinachitikapo kamodzi, sindifuna kuzionanso. Madzulo ake atayamba kusanthula m'dengu, ndinangoti, "Abambo, jezi yanu ili ndi amayi." Anaima. Anandiyang'ana, nkhope yawo n'kumasuka. "Ooh, akuinyikanso? Ndiye tidikire. Iwo aja safuna kuwafulumizitsa." Anakoka mpando n'kukhala pakhonde, maso kunjira. Sanapite kulikonse. Dzulonso chimodzimodzi, lero chimodzimodzi. Achimwene Fulanki abweza loko uja kusitolo.

Ndikanayenera kusangalala, koma sindikutha. Kale ankathawa kukafuna jezi, tsopano akhala pansi kudikira inu, ndipo akudikira ndi mtima wonse. Chakudya akungochilawa. Miyendo yayamba kutupa. Kukayamba kuda amafunsa kuti, "Mayi, sanafikebe?" Ndimati sanafike. Sindinanamepo chilichonse, komabe ndimamva ngati ndawaonetsa njira.

Ndili ndi pempho, Amayi. Musafulumire kuwaitana. Ndisiyireniko nyengo imodzi ya manachesi, mwina tsiku lina m'mawa adzalandira phala n'kunena kuti zikomo Esinati. Koma tsiku lawo likadzakwana, musadzayambe ndi kuwafunsa ngati akukudziwani, mungadzakhumudwe monga ndimakhumudwira ine. Mudzangoitulutsa jeziyo n'kuikweza m'mwamba. Munkawaona nayo ali kutsidya kwa bwalo, nawonso adzakuonerani yomweyo.

Majezi atatu olakwika aja ndawasunga, kamdzukulu kanu kazidzafunda. Mgolo ndabweza kwa eni ake, sindinyikanso. Ine ndikulonjeza kuti pakhomo pano sipadzalowa loko, ndipo madzulo alionse ndizikoka mpando wanga n'kukhala nawo pakhondepo, tizikudikirani awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene manja ake sanayerebe,

Esinati