Nsanza za Amayi Ako pa Mphesa

Red Cliffs, Febuluwale

Wokondedwa Graziella,

Wakulembera ndine Carmelo, Nduna ya Mphesa za mtundu wa Gordo, Mfumu ya mizere yonse kuyambira pakhonde mpaka kuchimbudzi. Imirira powerenga.

Kaya muli bwanji ku Perth ndi adzukulu angawo? Ine ndilipo, kupatula mawondo amene anapuma pantchito osanditsanzika.

Uthenga wako ndinaumva. Ukuti tizule munda, tigulitse chilolezo chathu cha madzi othirira a mumtsinje, ine ndibwere kwanu ndizidzadyetsa mphaka wako. Usanaitane thalakitala, tamva izi.

Ukukumbuka amayi ako ankatani mphesa zikayamba kupsa. Ankang'amba diresi lakale n'kumanga nsanza pa matsango okoma, kuti okolola asawatenge. Ankati zavinyo zipite kwa zidakwa, izi n'zapatebulo. Chimwalirireni iwo, palibe wamangapo.

Lolemba masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita kumzere wakumpanda. Ndinapeza nsanza, mwana wanga. Zobiriwira, za madontho oyera, za diresi lija tinawaika nalo m'manda. Mfundo yake ndi yomweyo yamanzere imene ndinkawaseka nayo. Ndinalawa mphesa imodzi, ndipo inali yotsekemera kuposa zonse m'mundamo. Sanalakwitsepo posankha, kupatula posankha mwamuna.

Ndinaitana Thanasi, Mgiriki wa kuseri kwa mpanda uja. Anabwera akunditukwana, akuti nkhalamba iwe vinyo wako wayamba kukumwa ndi iye. Ataziona anavula chipewa, nati mkazi wako Nunziata wabwera kudzayendera ntchito, ndipo waona kuti ndiwe waulesi ngati kale. Tinaseka.

Tsiku lililonse ndikupeza zina, ndipo zikuyandikira kunyumba.

Sindikuopa, ayi. Koma munda ukazulidwa, adzamanga pati? Akadzabwera n'kupeza fumbi lokha, ine ndili ku Perth, adzandifuna kuti? Chonde undisiyire mzere umodziwo, ndi madzi ake. Zinazo gulitsa.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti vinyo wa m'katoni uja ndinawakhululukira. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo wako,
Carmelo

Ndaiwala. Pamwambapa pali bodza limodzi. Thanasi sanavule chipewa. Anayang'anitsitsa pamene ndinkalozapo, nati palibe kanthu, kenako anandigwira mkono kundiperekeza kunyumba osanditukwana n'komwe. Koma ine ndikuziona, Graziella. Bwera msanga udzandiuze ngati zilipo.