Mamendulo a Brigadiya

Lachitatu

Felix, 09:12
a sisi mwawapeza mamendulo a dad? a army akuti pa maliro msilikali awanyamula pa pilo kutsogolo kwa bokosi

Lettie, 09:30
ali kuno ku Wenya m'thumba la jekete yawo. koma funso langa la dzulo sunayankhe

Lettie, 09:31
mbendera ya pa bokosi akaipinda apatsa ndani? amama anga kapena amayi ako?

Lettie, 11:05
Felix

Felix, 12:48
sorry ndinali ku mortuary. za flag ndi protocol sisi. army imadziwa mkazi mmodzi, wa ukwati wa ku church

Lettie, 12:55
🎤 voice note 1:04
"Iwe Felix, adada asanakhale ngakhale kopolo anachoka kuno wapansi kukalembetsa usilikali, amama atawamangira chimanga chokazinga pa kansalu. Ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola la asekuru mudzi wonse ukuona. Umenewo si ukwati? Ali ku Mozambique kulondera njanji, amama ankakumbatira wailesi kumvera maina a ofa. Nyenyezi zitachuluka paphewa m'pamene adada anazindikira kuti amama sadziwa kugwira foloko. Yayi, zimandiwawa chomene."

Lettie, 12:59
stroke itawagwira munadzawatula kuno ngati thumba la fetereza, mukuti mpweya wa kumudzi uwachita bwino. zaka zonsezi wowasambitsa, kuwatembenuza, kuwapukuta malovu anali ndani? protocol?

Felix, 13:20
ndikudziwa sisi. mawa ndiyankhula ndi a Major Pius, ndi amene akuyendetsa mwambo. i promise

Lettie, 13:26
ine ndimati tiwabise mamendulowa mpaka zidziwike. amama akana. akuti munthu anakhetsa thukuta mpaka ku Congo, asapite ngati wakuba nkhuku. pano ali pakhonde akuwakwecha ndi phulusa

Felix, 13:27
muwauze zkm kwambiri 🙏

Loweruka

Lettie, 10:20
amama awakhazika pa mphasa kuseri kwa tenti. mipando yakutsogolo ati ndi ya family. pakhomo pawo pomwe

Lettie, 10:47
a Major awerenga mbiri yonse. Mozambique, Congo, ma course a ku UK. "asiya mkazi ndi ana atatu." ine wachinayi ndine mbuzi?

Lettie, 10:48
ndikukuona, phone ili m'manja mwako

Lettie, 12:35
basi ndaona. mbendera ija amayi ako ailandira bwino ndithu, ndi magalasi akuda

Felix, 16:10
ndinayesetsa sisi, zinakanika

Lettie, 16:31
a Major ndawafunsa ndekha akukwera galimoto. akuti palibe anawauza kuti kuno kuli mayi wina. achita manyazi mpaka avula chipewa, apita kukawagwira dzanja amama

Lettie, 16:32
mlendo wachita manyazi. iwe?

Lolemba

Felix, 08:40
mwadzuka bwnj sisi. tafika bwino ku Lilongwe

Felix, 08:44
mum akufunsa za mamendulo, akufuna awaike mu frame limodzi ndi flag pa sitting room. msilikali uja akuti anabweza kwa mayi amene anamupatsa

Felix, 11:15
mutumize pa bus pls, transport ndilipira

Lettie, 14:02
unawaona amama akuponya dothi m'manda?

Felix, 14:03
ndinali mbali ina, ndimajambula a gun salute. bwnj?

Lettie, 14:09
anaponya ndi kansalu komwe ankawapukutira malovu adada. kanali komanga mfundo, kanagunda bokosi ngati mwala. palibe anafunsa, poti palibe ankawayang'ana

Felix, 14:10
sisi musandiuze

Felix, 14:11
📞 missed call

Felix, 14:13
📞 missed call

Lettie, 14:30
amama ati mwini wake wapita nawo. amayi ako akawafunitsitsa abwere, manda akuwadziwa. khasu tiwabwereka