Ma jiao a pa chinkhoswe cha Mwayi

Lamulungu, 8 Juni

Ayi Anti Gladys, sindinachititse manyazi mtundu wonse. Mtundu wonse uli ku Dedza, sunaoneko. M'kope muno ndiye ndingakuyankheni zomwe munandinena m'mawa muja.

Dzulo chinali chinkhoswe cha asisi anga a Mwayi ndi a Rogers, mu holo ku Romford. Yafika perekaniperekani. Akuchimuna, anthu a ku Zambia, akungoponya ma ten pounds. MC waitana mlongo wa mkwatibwi. Ine ndasolola mpukutu wa tindalama ta ku China, tija anatipatsa bambo wina titamusamutsira katundu ine ndi Sam, mnzanga wa pa van. Ndavina, ndamwaza. MC akuti foreign currency yalowa. Nthungululu.

Kenako kamtsikana ka kuchimuna, Lushomo, katola kamodzi, foni m'manja, kaima pafupi ndi mic. "Jiao. One tenth of a yuan." Wina kufunsa, ndiye zingati? "About one p." Kakobiri kamodzi ka kuno.

Nthungululu zinathera pomwepo.

Lolemba, 9 Juni

A Mwayi sakuyankha. Ma tick awiri a blue, basi.

A Mulenga, ankhoswe a kuchimuna, aimbira Anti. Akuti mwana wanu anabwera kudzatiseka pamaso pa alendo athu. Anti atadula foni anandiuza ali chiimire kuti pa ukwati wa pa 28 mwina amene awaperekeze a Mwayi kuguwa ndi a Weston a ku tchalitchi.

Adadi atakanizidwa visa anandiimbira okha. Anati Junior, ukandiimire. Suti ndinayesa kale.

Lachiwiri, 10 Juni

Sam akundiitana Mr Jiao tsiku lonse mu van. Ndaseka naye. Chips sindinamalize.

Lachitatu, 11 Juni

Ndafufuza ndekha pa basi. Mawu oti jiao alimo ndithu mu dikishonale ya Chingerezi. Akhale amodzi, akhale handiredi, Azungu amangoti jiao. Eni ake pamsika amati mao. Kulinso kena kochepa kuposa apo, fen. Ndinathawa sukulu Form 2 koma sabata ino ndine professor wa 1p.

Aliyense akuti ndimachita nthabwala, poti ndine. Sizinali nthabwala. Van inafa masabata atatu, shift kunalibe, m'thumba munali £15 ya Oyster, khadi yokwerera basi. Ndimadziwa kuti tindalamato ndi tochepa, koma ndimati tikagwa pa lichero ndani aone? Mlongo wa mkwatibwi angavine manja lende?

Sindinauze munthu. Bola azinditcha chitsiru.

Lachisanu, 13 Juni

Anti: mawa kwa a Mulenga ku Wembley kukapepesa. Ugwade, usaseke, usayankhe usanafunsidwe. Agula nkhuku yathunthu ku butcher, akuti yamoyo muno tiipeza kuti.

A Mwayi adzakhalapo. Ndamva kwa Anti, osati kwa iwo.

Loweruka, 14 Juni

Ulendo wonse mu sitima ya Jubilee line Anti sanandilankhule. Nkhuku ili pamiyendo panga.

Pa sitting room a Mulenga pampando waukulu, a Rogers pambali, a Mwayi pakona akuyang'ana kapeti. Ndagwada. Anti alankhula zawo, kuti mwana ndi mwana, wakula opanda bambo pafupi.

A Mulenga anati, "Iwe mufana, nifuna ukambe weka. Chinali chosekesa n'chani? Tiuze, naise tiseke."

Yankho linabwera pakamwa, labwino ndithu, lokhudza ndevu zawo. Ndinalimeza.

Ndinati palibe chosekesa, bambo. Ndinalibe ndalama. Ndinaona anthu anu akuponya ma ten, asisi anga ataima apo, ine mlongo wawo mmodzi yekha muno. Ndinachita manyazi kutuluka opanda kanthu.

Mawu anatuluka ngati a munthu wina. Anti ananditembenukira, iwonso samadziwa.

A Mulenga anandiyang'ana ndili chigwadire. Kenako anati ndikanakhala mwana wawo akanandipatsa twenty pakhomo pa holo, ndi mmene zimachitikira, unalekeranji kukamba? Anauza a Rogers alandire nkhuku. Za kuguwa anati si zawo, mwini wake ali apo.

Mwini wake, a Mwayi, sanatukule mutu.

Potuluka Anti anatsalira akutsanzikana. Ine ndinatsogola ku stage ya basi. A Mwayi anabwera kudzaima pambali panga, manja m'jekete. Basi ya 83 inadutsa, sitinakwere. Ndinafuna kunena kanthu koma ndimaopa kuti kasanduka nthabwala.

"Masabata atatu osandiuza," anatero. "Ndine nurse, ndimalandira, Junior, sindine mlendo."

Ndinati pepani sisi.

Anayang'ana msewu, kenako mapazi anga.

"Tsikulo popita kuguwa usadzathamange ngati mmene umayenderamu. Nsapato zanga ndi zazitali."