Piritsi la Bambo M'nyengo Yosala

Lolemba, 8 Megabit

Ndafika kwathu ku tauni ya Debre Markos kudzaona Bambo, mwezi uno wa Megabit pa kalendala yathu. Ndisanavule n'komwe nsapato, ndaona botolo la mankhwala pamwamba pa kabati, kuseri kwa chithunzi cha Mikayeli Woyera. Lodzaza.

Bambo akuchirako sitiroko ija. Dzanja lamanja likadali laulesi, mawu amatuluka ngati basi yomwe ankayendetsa ija ikamakwera chitunda. Kuchipatala anati mtima wawo umagunda mosalongosoka, ng'oma ya woledzera, ndiye magazi anaundana, kachibulumwa n'kukatseka ku ubongo. Anawapatsa mapiritsi amitundu iwiri: loletsa magazi kuundana, ndi sitatini, lochepetsa mafuta m'magazi. Lomwe akulondera Mikayeli ndi lachiwirili.

Ndawafunsa Amayi. Akuti, "Si la mafuta limenelo? Tili pa kusala. Nyama ayi, mkaka ayi, batala ayi mpaka Fasika, tsiku la kuuka kwa Ambuye. Likagwire ntchito yanji?"

Ine ndi digiri yanga ndangopita kukavula nsapato.

Lachiwiri, 9 Megabit

Ndayesanso. Ndati Amayi, adokotala anati tsiku lililonse, osadumphitsa. Sitiroko ikabweranso sitidzawaonanso akuyenda.

"Lemlem, tamvera. Piritsilo limadya mafuta, eti? Likalowa m'mimba n'kupeza shiro yekhayekha, nsawawa zopera zopanda kanthu, lidya chiyani? Lidya mwamuna wanga. Taona mmene aondera, ngati ndodo yotsamira kutchalitchi."

Zoona, aonda.

"Iwe umaphunzitsa ana mitsinje ndi mapiri. Mitsinje ya m'thupi mwa atate ako undisiyire ine."

Ndafunsa eni ake. Andiyang'ana, ayang'ana Amayi, kenako: "Funsa... kondakitala."

Masana ndakhala pa foni kufufuza. Tsamba lina likuti sitatini imathandiza anthu a mtima ngati wa Bambo. Lina likuti umboni wake sunakwane, afufuzebe. Ndipo kunena zoona nanenso sindikumvetsa. Ngati chibulumwa chinachokera kumtima, mafuta alakwa chiyani? Wakuba ndi wina, womangidwa ndi wina? Izi Amayi sindinawauze. Akanandiphikira khofi wachikondwerero.

Lachinayi, 11 Megabit

Nzeru zanga za lero: kuitana Abba Tsegaye, wansembe amene banja lathu limalapa kwa iwo. Amayi angakane dokotala, angakane ine, koma Abba ayi.

Abwera madzulo, nthawi yoti osala ayambe kudya itakwana. Tapsompsona mtanda, Amayi akazinga khofi. Ine ndawafotokozera zonse mwaulemu, maso pansi. Amvetsera akugwedeza mutu. Kenako apisa m'mkanjo, atulutsa botolo. Lofanana ndendende.

"Ili, mwana wanga? Langanso lili pa tchuthi. Ndine ndinawaunikira amayi ako."

Amayi sanaseke. Angondithirira khofi wina, pang'onopang'ono, kuti ndimve bwino.

Pochoka Abba anenako kuti odwala saumirizidwa kusala. Amayi akuti, "Mwamuna wanga Zewdu chibadwire sanadyepo batala m'nyengo ino. Ayambe lero, pamene akufunitsitsa chifundo cha Mulungu?"

Ndaganiza zomawapatsa piritsilo mobisa. Koma nanga ngati Amayi akulondola? Bwanji ngati likuwaondetsadi? Taonani, ndayamba kuganiza ngati wa m'nyumba muno.

Loweruka, 13 Megabit

Bambo agwetsa kapu. Pakamwa papotoka. Tikuthamangira kuchipatala pa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu.

Lamulungu, 14 Megabit

Zizindikiro zija zinawasiya tisanafike n'komwe. Pachipata anali atayamba kale kudzudzula mnyamata wa bajaji kuti sadziwa kusintha magiya. Koma awagoneka ndithu.

Dokotala Selamawit ndi wamng'ono kwa ine. Akuti iyi inali sitiroko yongogogoda pachitseko, ina imalowa osagogoda. Atafunsa za mankhwala, Amayi anayang'ana kudenga. Ndinanena ndine. Ndinamva ngati ndapereka mayi anga kupolisi.

Dokotala sanakalipe. Anati, "Mayi, mafuta ambiri a m'magazi sachokera m'mbale. Amapangidwa ndi chiwindi. Ndipo chiwindi sichisala."

Amayi: "Cha Zewdu chimasala."

Ndinafunsa funso langa lija, la wakuba ndi womangidwa. Akuti mtima ndi vuto loyamba, ndipo piritsi loletsa kuundana ndiye mlonda wamkulu. Koma mitsempha ya m'khosi mwa Bambo ili ndi zokanirira ngati paipi yakale, sitatini ndi ya zimenezo. Ndinafunsanso: ndiye za dzulozi n'chifukwa chosiya piritsi? "Sindinganame, sindikudziwa. Mwina mtima, mwina mitsempha. Koma alonda onse awiri abwerere pa ntchito."

Panja Amayi anandikoka nsalu. "Wamva? Mtsikanayu akuti sakudziwa." Ndinkadikira kuti apitirize, andinyoze ine ndi masukulu onse a dziko lino. Sanatero. Anangofunsa motsitsa mawu, "Lemlem, kodi ndine ndachita zimenezi?"

Ndinati ayi. Sindikudziwa ngati ndinanena zoona.

Lolemba, 15 Megabit

Akadali kuchipatala. Anamwino akuwapatsa mapiritsi onse awiri. Amayi akumawagwira pamkono Bambo ngati ogula nkhosa, kuona ngati nyama yachepa.

Abba anabwera kudzapemphera. Potuluka anandinong'oneza, "Za chiwindi zija, dokotalayo amanena za aliyense?" Ndinati kafunseni nokha, Abba, ali m'chipinda chachiwiricho. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akukonza mkanjo.

Lachitatu, 17 Megabit

Tabwerera kunyumba. Ine tsiku lonse kukonzekera nkhondo, mawu a dokotala ndawaloweza ngati ndikalemba mayeso.

Nkhondo kunalibe. Dzuwa litapendeka Amayi anakwera pampando okha, anatsitsa botolo, n'kulipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu. Anaika piritsi limodzi pambali pa mbale ya Bambo. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako ndinamva fungo.

Ndinawapeza kukhitchini atatsegula kamphika ka batala wa zonunkhira amene anamata kudikira Fasika. Supuni yodzaza, thi! mu shiro wa Bambo. Amayi anga, amene pa kusala salola ngakhale mphaka kunyambita mkaka pakhomo pano.

"Amayi! Adokotala anati mafuta achepe!"

"Anati piritsi amwe. Alimwa akamadya. Koma lipeze chakudya chake, lisiye mwamuna wanga." Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Tchimoli ndi langa, ndikalapa ndekha. Iwe tenga injera."

Ndinaima ndi injera, mkate wathu wopyapyala wodyera ndiwo, m'manja. Ndilande mbale? Ndikalanda, piritsi libwerera kwa Mikayeli. Ndikasiya, batala. Foni ya Dokotala Selamawit sikuyankhidwa.

Bambo ananunkhiza mbale, anayang'ana Amayi, anayang'ana pakhomo ngati pangatulukire wansembe. Anameza piritsi. Kenako dzanja laulesi lija linanyamuka lokha, n'kunyema injera.