Timadontho Tija Tandiyitanitsa

Bambo a mwana,

Pepani, tiyi mudzipangire nokha, ndatuluka mothamanga. Mayi a ku saluni aja aimba foni. Akuti mafuta anga opaka m'mutu, aja ndinasakaniza a bulugamu ndi a mandimu, makasitomala awo akuchita kulimbirana. Akufuna mabotolo khumi m'mawa uno!

Chonde, mabotolo otsala pawindo la kukhitchini muwaike m'kabati dzuwa lisanawawombe, fungo lingathawe. Mafuta a kokonati ali m'kapu yoyera musakazingire mazira, ndadonthezamo kale a bulugamu.

Paja munkandiseka kuti ndimawerenga timadontho ngati namwino wopanda chipatala. Lero chipatala chapezeka. Madzulo mundichingamire pageti, mundilandire chikwama ndi manja awiri.

Ndine namwino wanu uja.