Mtima wa Tenri Uli Kumanja

Parepare,
14 Malichi

Okondedwa Achemwali Nurhaya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tarakan kumeneko pamodzi ndi alamu ndi mwana wanu Uleng. Kuno tilipo, koma ine ndikusowa pokhala. Kalatayi ndayiyamba katatu, ndikung'amba.

Mwana wanga Tenri wagona m'chipatala ku Makassar masiku asanu. Paja ankangoti wefuwefu akakwera masitepe a nyumba, ife n'kumamunena kuti ndi ulesi. Atamujambula anapeza kuti mtima wake uli kumanja, chiwindi kumanzere, ndipo mumtimamo muli bowo lobadwa nalo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ine mayi wake osadziwa!

Madokotala anati sang'amba chifuwa, alowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pantchafu kuti akatseke bowolo. Koma anapeza kuti mtsemphawo sufika kumtima monga wa anthu ena. Adokotala anatuluka thukuta lili kamukamu, nati ndisaine kuti ayese kudzera pakhosi. Ndinasaina. Patatha maola anayi anati zatheka. Mwiniwake atatsitsimuka anayamba n'kufunsa ngati ndamubweretsera nthochi zokazinga.

Tsono dzulo adokotala anafunsa ngati Tenri ali ndi abale a bere limodzi, makamaka ngati anabadwa mapasa, poti mnzakeyo ayenera kuyezedwa msanga. Tenri anaseka, nati anabadwa yekhayekha, wofanana naye nkhope ndi mwana wa mayi ake aakulu basi, kunena Uleng wanuyo. Ine ndinangogwedeza mutu kuvomereza. Ndinanama, Achemwali, mwana wanga akundiyang'ana.

Tsiku lija ndinakupatsani Uleng ali wa masabata atatu, ndinalumbira kuti sindidzatsegula pakamwa. Mwamulera bwino, ndi wanu, sindikufuna kukulandani. Koma munandilembera kuti ndi woyembekezera, miyendo ikutupa, akutopa msanga. Mawu amenewo akundisowetsa mtendere. Mpunga ndikumaupsereza, pemphero ndikumalisokoneza pakati.

Chonde, pitani naye Uleng akamuyeze mtima sabata ino, ndipo madokotalawo muwauze zoona. Ngati mawu akukukanikani, ndikwera sitima ya pamadzi ya Lachisanu ndidzanene ndekha, kuti akafuna wodana naye adane ndi ine. Tenri ndimuuza mawa ndikakamutenga ku Makassar, tikamabwerera kunyumba.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu. Uleng musamulole kunyamula madzi mpaka ndifike.

Ine mng'ono wanu,
Rabiah